Kwanu kwenikweni nkuti? Ana a machona ndi mabuku a anthu obadwira kwa eni

Mwana aliyense wa ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa kuno ku Harare ku Zimbabwe yemwe dzina la makolo ake ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Milanzi funso ili amalidziwa bwino. Ukati ine ndine wa ku Mufakose munthu amagwedeza mutu kenako nkufunsanso, ayi ndikunena kwanu kwenikweni, kumusha. Nde ukakwera basi kudutsa pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete mpaka kukafika ku Dedza kapena ku Mangochi komwe agogo anachokera, ungotsegula pakamwa kupereka moni anthu adziwa kale kuti uyu ndi wa ku Halale, Chichewa chake chapendekera ku Chishona. Kuno ndiwe Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, uko ndiwe Mzimbabwe. Ambiri timaona ngati ndi vuto lathu lokha, koma olemba nkhani zopeka akhala akulimbana nalo funso lomweli kuyambira zaka za m'ma 1950, moti m'mayunivesite muli anthu omwe ntchito yawo ndi kuwerenga ndi kuphunzitsa mabuku amenewa basi. Ndikufuna ndifotokoze zomwe mabukuwa amanena, chifukwa zina mwa izo zimatikhudza mpaka mumtima, komanso pali pena pomwe amatisiya panjira.

Ku sukulu amawaika m'gulu lomwe amati postcolonial fiction, nkhani zopeka zolembedwa ndi anthu a m'mayiko omwe anali pansi pa atsamunda kapena ana awo, zokamba za zomwe utsamunda unasiya m'miyoyo ya anthu. Ndipo chimodzi chachikulu chomwe unasiya ndi kusuntha kwa anthu. Atsamunda ankanyamula anthu kuchoka uku kupititsa uko kuti akalime nzimbe, akamange njanji, akakumbe migodi, ndipo ufumu wawo utatha anthu aja anatsala pomwe anasiyidwapo, ana anabadwa, adzukulu anabadwa, mayiko atsopano nkuyamba kufunsa kuti kodi awa ndi athu?

Buku lomwe ambiri amayambira ndi The Lonely Londoners la Sam Selvon wa ku Trinidad, la 1956. Mu June 1948 sitima yapamadzi yotchedwa Empire Windrush inafika pa doko la Tilbury itanyamula anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean, ndipo m'zaka zotsatira ena ambiri anatsatira, onse akudziwa kuti ndi nzika za ufumu wa Britain zomwe zikupita kwa mayi wawo. Atafika anapeza zipinda zozizira, ntchito zomwe azungu sankazifuna ndi eni nyumba omwe ankawatsekera chitseko. Munthu wamkulu m'bukuli ndi Moses, yemwe wakhala ku London zaka zambiri ndipo ndi amene amatumidwa ku siteshoni ya Waterloo kukachingamira obwera kumene, kuwapezera pogona ndi kuwalangiza. Lamulungu lililonse anzake amasonkhana m'kachipinda kake kukamba za kwawo. Chaka chilichonse Moses amati ndibwerera, koma chaka chimatha ali pompo. Ine ndikamawerenga Moses ndimaona madala aja omwe tinakula tikuwaona pa ma flat a Matapi, sutikesi ili pansi pa bedi, akuti ndikangolandira penshoni ndikupita kumudzi, mpaka tinakawaika ku manda a kuMbudzi. Kwathu anthu otere ankati machona. Chinanso chomwe Selvon anachita nchakuti sanalembe mu Chingerezi cha mfumukazi ayi, analemba mu Chingerezi chomwe anthu akewo ankalankhula, osati pa mawu a anthu a m'nkhanimo pokha koma ngakhale wofotokoza nkhaniyo, ndipo nthawi imeneyo chinali chinthu cholimba mtima kwambiri.

Koma Moses amadziwa kwawo. Nkhani imavuta zenizeni ikafika kwa ana obadwira komweko. Hanif Kureishi mu The Buddha of Suburbia la 1990 amayamba ndi mnyamata Karim, bambo ake mmwenye mayi ake mzungu, akudzitchula kuti ndi Mngelezi wobadwira ndi kukulira komweko, kenako nkuonjezera kamawu kamodzi kosonyeza kuti watsala pang'ono kukwanira. Atayamba zisudzo amamupatsa gawo la mwana wa ku India nkumuuza kuti azilankhula ngati mmwenye, iye ku India sanapondeko. Kodi si zomwezi zimachitikira mnyamata wobadwira ku Highfield, Chishona chake chosalala kuposa cha ambiri, koma anzake akamaseka amamulankhula mopotokola lilime kuti achimwene?

Lomwe limandigwira kwambiri ndi White Teeth la Zadie Smith, la 2000. Muli bambo wina Samad Iqbal wochokera ku Bangladesh, amagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ku London, ali ndi ana amapasa Magid ndi Millat. Bamboyu akuona kuti anawa akutayika, chikhalidwe ndi chipembedzo zikuwapulumuka, nde akuganiza zowatumiza kwawo kuti akaleredwe mwachikwawo, koma ndalama zikungokwana mmodzi. Akutumiza Magid, mkazi wake osamuuza. Patapita zaka Magid uja akubwerera ali Mngelezi kuposa Angelezi eni ake, za Mulungu sakhulupiriranso, akufuna kukhala loya, mpaka akuitanitsa nyama ya nkhumba pamaso pa bambo ake. Pomwe Millat yemwe anatsala mu London, wosuta ndi wokonda atsikana, ndi amene akulowa kagulu ka Asilamu olusa. Zomwe bukuli likunena apa nzakuti chikhalidwe sichili ngati katundu woti anasungidwa kumudzi ukamutenge, kumudziko nakonso kunasintha, ndipo mwana wosalidwa kudziko lomwe anabadwira ndi amene nthawi zambiri amagwiritsitsa za makolo mwaukali kuposa makolowo, chifukwa akufuna pena poti aime. Mabanja angati kuno anatumiza mwana kwa agogo ku Ntcheu kapena ku Machinga kuti akaphunzire ulemu ndi chilankhulo, nkubwerako munthu wina yemwe sanamuyembekeze?

Anthu a maphunziro zimenezi anazipatsa dzina loti hybridity, ndipo amene analitchukitsa ndi Homi Bhabha m'buku lake The Location of Culture la 1994. Iyeyo anabadwira ku Bombay m'mtundu wa Aparsi, kamtundu kochepa komwe makolo ake akale anachokera ku Persia, nde nkhani yokhala ochepa pakati pa eni ankaidziwa kuyambira kunyumba. Mfundo yake mwachidule ndi yakuti palibe chikhalidwe chomwe chili choyera chosasakanikira, olo cha mtsamunda mwini wake, ndipo zikhalidwe ziwiri zikakumana sipatuluka theka la ichi ndi theka la icho, pamatuluka chinthu chachitatu chokhala ndi moyo wakewake. Zili ngati thobwa, likapsa sungapatulenso kuti ufa ndi uwu chimera ndi ichi. Stuart Hall, wobadwira ku Kingston ku Jamaica yemwe anapita ku Britain mu 1951, ananenanso zofanana, kuti chomwe munthu uli si chinthu chomwe chinatha kupangidwa kalekale choti ungochifukula, chimapangidwabe tsiku ndi tsiku malinga ndi komwe uli ndi zomwe zikukuchitikira. Kwa munthu yemwe wakula akuuzidwa kuti siwe Mchewa weniweni komanso siwe Mzimbabwe weniweni mawu awa amatonthoza, chifukwa akukuuza kuti suli wopereweza ayi, ndiwe wathunthu, kungoti mtundu wako unaphukira pano.

Koma ena anatsutsa, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi pang'ono. Katswiri wina Aijaz Ahmad ndi anzake ankati kusakanikira kokomaku ndi kwa munthu wophunzira wokhala ndi pasipoti yabwino, wouluka pa ndege pakati pa mizinda ikuluikulu, osati kwa wantchito wamba. Ndipo ku Britain komweko zinadzaoneka poyera mu 2018, pomwe zinaululika kuti anthu omwe anabwera ali ana m'nthawi ya Windrush, akhala zaka 40 kapena 50 akugwira ntchito ndi kukhoma msonkho, anayamba kuuzidwa kuti abweretse umboni woti ali m'dzikomo mololedwa. Ena ntchito zinatha, ena anakanizidwa chithandizo kuchipatala, ena anathamangitsidwa kupita ku zilumba zomwe anachoka ali makanda, mpaka nduna ya za m'dziko Amber Rudd inatula pansi udindo. Munthu ungadzimve wa pamalo mmene ungathere, koma tsiku lina wina wa pa ofesi amafunsa pepala.

Olemba abwino izi amazidziwa, nchifukwa chake m'mabuku ambiri otere mumakhala nkhani ya dzina ndi chitupa. Abdulrazak Gurnah wa ku Zanzibar, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 2021, mu By the Sea la 2001 muli mkulu wina Saleh Omar yemwe akutsika pa bwalo la ndege la Gatwick ndi pasipoti ya dzina la munthu wina, ndipo akunamizira kuti Chingerezi sachidziwa chifukwa anamulangiza kuti akatero zimuyendera. Brian Chikwava wa kuno mu Harare North la 2009, dzinalo ndi mmene Azimbabwe ankatchulira London, wofotokoza nkhani alibe ndi dzina lomwe, amafuna ntchito ndi mapepala a mnzake Shingi, mpaka kumapeto mutu wasokonekera sakuthanso kusiyanitsa kuti iye ndi uti Shingi ndi uti. Ndiye taganizani agogo athu angati anasintha dzina pano, ena chifukwa kalaliki wa pamgodi analemba zomwe anamva, ena mwadala anatenga dzina lomveka Chishona kapena Chindebele kuti ana asamasekedwe ku sukulu. Lero mdzukulu akafuna kulondola abale ku Malawi amapeza kuti dzina lomwe ali nalo kumudziko palibe amalidziwa.

Pafupi ndi ife kwambiri pali mabuku a M.G. Vassanji, wobadwira ku Nairobi nkukulira ku Dar es Salaam, yemwe amalemba za amwenye a kum'mawa kwa Africa. Mu The In-Between World of Vikram Lall la 2003 agogo ake a Vikram anabwera kuchoka ku India kudzamanga njanji ya ku Kenya, iye ndi m'badwo wachitatu, Kenya ndiye dziko lokhalo lomwe amalidziwa, koma nthawi ya nkhondo ya Mau Mau yolimbana ndi atsamunda azungu samuyesa wawo, akuda nawonso samuyesa wawo. Idi Amin mu 1972 anapatsa amwenye a ku Uganda masiku 90 kuti achoke, ndipo ku Malawi nako m'zaka za m'ma 1970 Kamuzu anawachotsa m'mamidzi kuti malonda azichitira m'matauni okha. Inde amwenye anali ndi masitolo ndipo atsamunda anawaika pamwamba pa akuda, nkhani yawo si yofanana ndendende ndi ya munthu wa pakomboni, koma ukamva kuti agogo anabwera ndi njanji umakumbukira dzina lina lomwe amatitchula kuno, vatevera njanji.

Tsono apa mpomwe ndimafuna tifike. Pafupifupi mabuku onse otchuka pa nkhaniyi amayang'ana munthu wochoka kudziko lolamulidwa kupita kwa mtsamunda, London makamaka, kapena America. Olo olemba a kuno ku Zimbabwe ambiri amayang'ana komweko. Nyasha wa mu Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga la 1988 anapita ku England ali mwana nkubwerako ataiwala Chishona, makolo omwe anamutengera okha uko akukhumudwanso ndi mmene wakhalira, mpaka mtsikanayo akudwala matenda okana chakudya. Darling wa mu We Need New Names la NoViolet Bulawayo la 2013 akuchoka m'zisakasa kupita ku Michigan, ndipo akaimba foni mnzake wa paubwana akumuuza kuti dziko ili si lakonso, unalithawa. Ndi mabuku amphamvu zedi ndipo Mzimbabwe aliyense yemwe ali ndi m'bale ku diaspora amalira nawo. Koma munthu wakuda yemwe anachoka dziko limodzi la mu Africa kupita lina loyandikana nalo, wofanana khungu ndi eni dziko, wakhala pompano zaka zoposa 100, ameneyo m'mabuku amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo akaoneka amakhala wa m'munda, wophika kapena woseketsa.

Pomwe mbiri yake ndi yaikulu. Anthu a ku Nyasaland anayamba kutsika kuno migodi itangotsegulidwa, akuthawa msonkho wa nyumba ndi thangata, ena pansi wapansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito lomwe anthu ankangoliti chibalo, pambuyo pake kunabwera bungwe lina la Mthandizi ndi malole a Ulere onyamula anthu mwaulere kuwatula ku mapulazi a fodya ndi m'migodi, ndipo nthawi ya chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963 njira inali yotseguka. Shamva, Arcturus, Mazowe, Trojan ku Bindura, njanji ku Rugare, mayadi a azungu omwe antchito ake ankagona ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, konseko kunali anthu athu. Clements Kadalie, yemwe anadzayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town mu 1919, anagwirapo ntchito pa mgodi wa Shamva. Kamuzu weniweniyo ali mnyamata anagwirapo ntchito pa chipatala ku Hartley, komwe pano ndi Chegutu, ndipo pobwerera kwawo mu 1958 atatha zaka zoposa 40 kunja ankalankhula Chingerezi wina nkumamasulira. Dziko linamulandira mtchona ameneyo nkumutcha Ngwazi, nde za Chichewa chopendekera cha mwana wa ku Mbare zisamakhale mlandu.

Mukafuna kuona mmene timaonekera m'mabuku akale tsegulani The Grass Is Singing la Doris Lessing la 1950. Pali pena pomwe mayi wachizungu Mary Turner akulemba ntchito ya m'nyumba kamnyamata koonda chifukwa choyenda ulendo wautali m'tchire kuchokera ku Nyasaland. Sakumva zomwe dona akunena, akuchita mantha, akulakwitsa zinthu, ndipo posakhalitsa wachoka m'nkhanimo. Dzina alibe. Lessing ankadzudzula nkhanza za azungu, sindikumunena, koma ine maso anga amatsalira pa mnyamata uja. Anapita kuti atachoka pa pulazipo? Anakwatira ndani? Adzukulu ake mwina ndi omwe akugulitsa tomato pa Mbare Musika lero. Buku lonse lomwe tikulisowa lili mwa mnyamata ameneyo.

Nde pali chinthu china chomwe ambiri sadziwa. Limodzi mwa mabuku oyambirira a nkhani zopeka mu Chishona, Nzvengamutsvairo la 1957, analemba ndi Bernard Chidzero, yemwe bambo ake anali ochokera ku Nyasaland mayi ake Mshona. Yemweyu anadzakhala nduna ya zachuma ya Zimbabwe ndipo mu 1991 anapikisana nawo pa mpando wa mlembi wamkulu wa United Nations. Mwana wa mlendo ali pa maziko penipeni pa zolembalemba za Chishona, ana a sukulu akhala akumuwerenga osaganizako zoti ndi Mubhurandaya. Zikuonetsa kuti kusakanikira kunachitika kalekale ndipo kunapindulira dziko lino, komanso zikuonetsa mtengo wake, kuti nthawi zambiri timalandiridwa bwino pomwe mbali ya Chinyasa yakhala chete.

Chomwe mabuku a ku London sangatifotokozere nchakuti kuno kukhala mwini dziko kumayezedwa ndi zinthu zitatu, mutupo (chiwongo cha Ashona), kumusha ndi manda. Tiyambe ndi mwana. Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, bambo amangokhala mkamwini. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna, amatenga mutupo wa bambo, roora, ndiye kuti lobola, ikaperekedwa nkhani yatha. Tsono amuna ambiri omwe anabwera kuno anabwera okha nkukwatira akazi a Chishona. Mwana wobadwa pamenepo mwambo wa bambo ake ukuti ndi wa kwa mayi, mwambo wa mayi ake ukuti ndi wa kwa bambo. Mbali iliyonse mwaulemu ndithu ikumupereka kwa inzake, ndipo palibe mudzi womwe ungamugawire munda ngati mwini. Izi palibe Bhabha anazilemba, koma ndi kukhala pakati kwenikweni, kwa m'magazi ndi m'nthaka. Ndipo si kuti tilibe ziwongo, Phiri, Banda, Mbewe, Nkhoma ndi mafuko omwe ali ndi mbiri yawo, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Robert Mugabe atakwiya kuti matauni akuvotera otsutsa ananena anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndipo aliyense anamva kuti akunena ndani.

Mawu aja sanathere pa msonkhano. Minda ya azungu itayamba kulandidwa mu 2000 antchito a m'mapulazi, omwe ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi ndipo ochepa okha ndi omwe anapatsidwako malo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, aliyense yemwe akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anapatsidwa miyezi 6 kuti akakane unzika winawo, apo ayi wa kuno watha. Munthu wobadwira pa komboni ku Mazowe, ku Malawi sanapiteko, akakane bwanji chinthu chomwe sanakhalepo nacho? Judith Todd, mwana wa nduna yaikulu yakale ya dziko lino Garfield Todd, nkhani yake inamveka m'makhoti ndi m'nyuzipepala, koma anthu wamba miyandamiyanda anangopezeka chitupa chawo chalembedwa ALIEN, chisankho cha 2002 chikubwera iwo osavota. Kenako Murambatsvina mu May 2005, pomwe boma linagwetsa nyumba ndi misika m'matauni, lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera ndalama, ndipo ankauzidwa kuti bwererani kumusha. Mshona ankakweza katundu pa lole kupita ku Murehwa kapena ku Gutu akulira, koma anali ndi kolowera. Wa ku Mbare wa m'badwo wachitatu kumusha kwake kunali chipinda chomwe chagwetsedwacho.

Malamulo a dziko a 2013 anakonzako zinthu, tisabise. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye amakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Chichewa chinalowanso m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma kuti usinthe chitupa pamafunika setifiketi ya kubadwa, kuti upeze setifiketiyo pamafunika mapepala a makolo, makolowo anamwalira pa pulazi yomwe mwini wake anachoka kalekale, ndipo mayi wopanda chitupa sangalembetse mwana wake, mwanayo mayeso a sukulu amamuvuta kulemba, nayenso adzabereka wopanda pepala. Amnesty International mu 2021 inatulutsa lipoti lonse pa za anthu opanda dziko mu Zimbabwe, ndipo ambiri mwa iwo ndi ife pamodzi ndi ana a omwe anaphedwa ndi asilikali pa Gukurahundi ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980. Akatswiri a mbiri monga Anusa Daimon ndi Zoë Groves alemba mozama za Amalawi a kuno, koma buku la mbiri limakuuza zomwe zinachitika, silikulowetsa m'mutu mwa mtsikana yemwe waima pa layini kuyambira mbandakucha akubwereza mumtima dzina la mudzi wa agogo lomwe analoweza dzulo lake.

Pitani pa maliro a banja lathu ku Mabvuku muone mmene zinthu zimakhalira. Amayi a Chigwirizano a CCAP avala zoyera akuimba nyimbo za m'buku mu Chichewa chakale chija, achinyamata akutsatira mawu pa foni ena osamva tanthauzo lake lonse koma akulira nazo. Wolengeza akuyamba mu Chichewa polemekeza akuluakulu kenako nkutembenukira ku Chishona kuti anthu amve. Mbali iyi kuli adzukulu ogwira ntchito ya kumanda monga mwa kwathu, mbali iyo sahwira, bwenzi la banja pa mwambo wa Chishona, wavala jekete la malemu akuwatsanzira mayendedwe anthu nkuseka pakati pa misozi. Bokosi lagulidwa ndi sosaite ya maliro yomwe madala anayambitsa kalekale pozindikira kuti kuno alibe abale owaika. Ngati malemu anali olowa, gule amatuluka, ana a m'misewu akuthawa akukuwa kuti zvigure. Ndipo usiku wapitawo panali mkangano wa chizolowezi, wina akuti thupi lipite ku Malawi, wina akufunsa kuti kwa ndani, ndalama zake ziti, mapeto ake manda akukumbidwa konkuno. Palibe aliyense pamaliropo akuona ngati akuchita zinthu ziwiri zosiyana. Ndi mwambo umodzi, wa anthu a pano.

Nkhani yathu sikuti sinakambidwe, inangodutsira njira ina osati ya buku. Inadutsira mu gitala. Nicholas Zakaria, Alick Macheso, abale a Somanje a Pengaudzoke, anthu okulira m'mapulazi ndi m'makomboni ndi omwe anakweza nyimbo za sungura, ndipo Macheso akaimba Mundikumbuke mu Chichewa bwalo lonse limaimba naye olo omwe masana amatiseka. Inadutsira mu mpira, Moses Chunga ku Dynamos, Benjani Mwaruwari mpaka ku Manchester City atanyamula mbendera ya Zimbabwe. Ku Malawi nako nthano za ulendo zilipo, ambiri anawerenga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe ku sukulu, koma nthano zotere zimaonera zinthu kumudzi, zimakamba za opita kukasaka chuma ndi ulendo wobwerera. Wosabwerera uja, ndi mkazi wa Chishona yemwe anaphunzira kuphika chigumu ndi kupereka moni wogwada kwa apongozi omwe sanawaonepo, ndi mwana wawo wamkazi yemwe anakanidwa ndi banja la chibwenzi chake atangotchula dzina la bambo, amenewo akudikirabe wowalemba.

Ndipo wodzalembayo adzakumana ndi funso lomwe Selvon anakumana nalo, loti alembe mu chilankhulo chiti. M'badwo wachinayi ambiri Chichewa amangomva, kuyankha amayankha mu Chishona. Akalemba mu Chichewa cha ku Lilongwe adzakhala akunamizira mawu omwe si a m'nyumba mwawo, akalemba mu Chingerezi chokha agogo adzamveka ngati anthu ena. Ine ndikuona kuti buku loona lidzatuluka mu chilankhulo chomwe timalankhuladi pa Mbare ndi pa Tafara, chiganizo kuyamba mu Chishona nkuthera mu Chichewa, Chiyao cha ku mzikiti chikulowererapo, ndipo osindikiza mabuku a ku Harare ndi a ku Blantyre onse adzafuna kulikonza kuti ligwirizane ndi dikishonale yawo. Wolembayo adzayenera kukana.